Onyamula Katundu a pa Msewu wa Nyimba

Dalaivala wochokera ku Lusaka akatsetsereka mapiri a Manenekela n'kuwoloka mlatho wa Luangwa, mtima wake sukhala pansi ayi. Amadziwa kuti kutsogoloku kudakali makilomita pafupifupi 99 a zitunda, matsitso ndi makona obisa galimoto inzake, kudutsa pa Kacholola mpaka kukafika pa Nyimba. N'chifukwa chake Nyimba ndi malo opumira. Basi ikaima, amayi amathamangira kumawindo ndi mabeseni a nthochi. Thiraki ikaima, wina amatsika ndi kachitsulo n'kumagogoda matayala limodzilimodzi, kwinaku dalaivala akuzungulira galimoto kununkhiza ngati mabuleki sanapse.

Odutsa ambiri amangodziwa Nyimba ngati pogulira nthochi. Koma dera lino la Ansenga, la mafumu Ndake, Nyalugwe, Luembe ndi Mwape, pamodzi ndi Petauke kwa Kalindawalo, lakhala likunyamula katundu wa anthu ena kwa zaka zoposa 200. Katunduyo wasintha, chonyamulira chasintha, luso lofunika nalo lasintha kangapo. Chimene chakana kusintha ndi ichi: wosenza amakhala wa kuno, pamene wolemba katunduyo, wowerengera ndi wolamula ulendo kawirikawiri amachokera kwina.

Njira zakale sizinkalowera ku Lusaka, pakuti Lusaka kunalibe. Zinkatsetserekera kummwera, ku Zambezi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700 amalonda a m'manja mwa Apwitikizi anatsegula msika pa Zumbo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, ndipo tsidya lino panadzakhala Feira, pamene lero pali boma la Luangwa. Minyanga ya njovu za m'chigwa inkapita kumeneko pamapewa a anthu, ndipo pobwerera ankasenza nsalu ndi mikanda, kenako mfuti ndi wonga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 malondawa anasanduka nkhondo. Magulu a Achikunda, monga a Matakenya, ankalowa m'midzi ya Ansenga kukagwira anthu, ndipo munthu amene wasenza mnyanga mpaka ku Zambezi nthawi zina ankagulitsidwa pamodzi ndi mnyangawo. Ntchito ya mtengatenga kuno inayamba mowawa chotero.

Mtolo ndi kalata

Mu 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo chaka chotsatira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia. Likulu lopanda njanji, lopanda msewu wa ngolo, lozingidwa ndi madera a ntchentche za kashembe zimene zinkapha ng'ombe ndi abulu. Malata, mchere, nsalu, mapepala a boma ndi zitsulo za ku mgodi wa golide wa Sasare, zonse zinkafunika munthu wozisenza. Katundu wambiri ankafika pa doko la Chinde, n'kukwera Zambezi pa sitima zapamadzi mpaka ku Tete, ndipo kuchokera pamenepo ankayenda pamitu ya anthu masabata awiri kapena kupitirira. Wina ankadzera ku Blantyre ndi kunyanja, m'manja mwa kampani ya African Lakes imene anthu ankaitcha Mandala. Msonkho wa nyumba utayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mwamuna wa ku Petauke amene analibe choti agulitse anatsala ndi zinthu ziwiri, kupita kutali kukagwira ntchito kapena kutenga mtolo.

Tisaganize kuti kusenza kunali nkhani ya mphamvu yokha. Mtolo wa munthu mmodzi unkalemera makilogalamu ngati 25, ndipo kuti uyende nawo tsiku ndi tsiku unkayenera kudziwa kuumanga kuti usapendekere, kupinda nkhata yosatsuka pamutu, kusinthira paphewa khosi lisanaume, ndi kuyenda mayendedwe oti mawa udzathenso kudzuka. Pagulu pankafunika wodziwa kumene kuli madzi m'chilimwe, wodziwa powolokera mtsinje m'dzinja, ndi wodziwa mudzi umene ungagulitse ufa. Onyamula machila anali ndi luso lawolawo. Ankathamanga ndi munthu ali m'nsalu, n'kumalandizana mtengo osaima, mapazi akutsata nyimbo.

Koma pamwamba pa onsewa panali kapitawo. Iye sankasenza. Ankawerenga mitolo ponyamuka ndi pofika, kugawa phoso, kusunga kalata yonena katundu yense, ndi kuyankha mtolo ukasowa. Malipiro ake ankaposa a wosenza, ndipo chimene chinkamuika pamenepo ndi kudziwa kuwerenga ndi kulemba. Akapitawo ndi makalaliki ambiri oyambirira anali ochokera ku Nyasaland, kumene sukulu za mishoni zinayamba kale. Kuno sukulu zinabwera pambuyo. Mishoni ya Dutch Reformed inafika pa Nyanje mu 1905 ndi pa Hofmeyr, m'dera la Nyimba, mu 1914, ndipo Akatolika anatsegula Minga mu 1923. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 boma linasonkhanitsa amuna ochuluka zedi kuti akasenze chakudya ndi zipolopolo za asilikali olimbana ndi Ajeremani kumpoto, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Enanso ankadutsa m'dera lino wapansi, kulowera ku Feira, kupita kumafamu ndi kumigodi ya Southern Rhodesia, mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 pamene boma la kumeneko linayambitsa malole a Ulere otengera antchito.

Lole ifika

Njanji inafika pa Lusaka mu 1905 ndi pa Broken Hill, Kabwe wa lero, mu 1906. Mu 1911 zigawo ziwiri za dziko zinaphatikizidwa kukhala Northern Rhodesia, koma kum'mawa kunakhalabe ngati dziko lina kwa zaka zambiri. Great East Road inalambulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndi makasu, mapiki ndi nkhwangwa za anthu a m'midzi yomweyi. Pa Luangwa magalimoto ankawoloka pa pantuni mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, pamene thumba la Beit Trust linalipira mlatho woyamba. Likulu la dziko lonse litasamukira ku Lusaka mu 1935 msewuwu unakula kufunika, ngakhale fodya wambiri wa ku Fort Jameson ankatulukirabe ku Nyasaland, kumene njanji inali pafupi. Unali msewu wafumbi, wopapatiza, ndipo m'dzinja lole inkatha kugona masiku pamalo amodzi itatitimira.

Kampani ya Thatcher, Hobson inayamba kuyendetsa malole ndi mabasi m'misewu yakutali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo m'zaka za m'ma 1950 inadzakhala Central African Road Services. Amwenye a masitolo ku Fort Jameson ndi ku Petauke nawo anagula malole awo. Apa m'pamene panabadwa njira yophunzirira ntchito imene yalera madalaivala ambiri a Chigawo cha Kum'mawa kuposa sukulu ina iliyonse: ulolemeti.

Mnyamata ankayamba ngati wokweza matumba. Akaoneka kuti ndi wokhulupirika, dalaivala ankamutenga pa ulendo. Ntchito yake inali yonse imene dalaivala safuna kugwira. M'mawa ankapukusa handulo kuti injini ilire. Pachitunda lole ikalephera, ankalumpha n'kuika chigogo kapena mwala kuseri kwa tayala isanabwerere m'mbuyo, ndipo pa Manenekela kuchedwa pang'ono pa ntchito imeneyi kunali kutaya lole ndi anthu omwe. Ankatunga madzi a m'redieta, kumata chubu, kukumba matope, kudula nthambi zoyala pansi pa matayala, kuphika nsima, ndi kugona pamwamba pa katundu kulondera. Malipiro anali ochepa, ndipo madalaivala ena anali ankhanza. Koma mnyamata wamaso ankaona zonse: nthawi imene mkulu wake akusintha giya asanayambe kutsetsereka, mmene akumvetsera injini, chimene amayamba kuyang'ana lole ikazima. Tsiku lina ankauzidwa kuti asunthe lole pabwalo. Kenako ankapatsidwa chiwongolero pamalo osalala usiku dalaivala akatopa. Patapita zaka ankakayesedwa n'kutenga laisensi, ndipo pofika tsikulo anali kale makanika wa theka, wodziwa kumasula kabureta patchire ndi sipanala ziwiri.

Dalaivala wotere akabwera kumudzi ankalandiridwa ngati mphunzitsi kapena kalaliki wa pa boma. Anali munthu woona dziko, wobwera ndi sopo, shuga ndi nkhani. Makalata a machona ndi ndalama zawo nthawi zambiri zinkadzera m'thumba mwake, ndipo dzina lake linkayenda ndi kukhulupirika kwake.

Nkhondo yachiwiri itatha, Petauke inatchuka ndi mtedza wa Chalimbana ndi makopaletivu ogula mbewu kwa alimi. Ngolo za ng'ombe zinayamba kututa matumba kuchokera m'midzi kupita kumisika, ndipo pamsika uliwonse pankafunika munthu wa sikelo ndi wolemba malisiti. Ana a sukulu za Nyanje, Hofmeyr ndi Minga anayamba kukhala kuseri kwa tebulo.

Msewu wa nkhondo

Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa azungu a ku Rhodesia, Zambia ili ndi chaka chimodzi chokha chodzilamulira. Pafupifupi katundu yense wa dziko lino ankadzera kummwera, ndipo pofika Disembala mafuta a galimoto anasiya kubwera. Anthu amakumbukira kwambiri ndege za Britain, America ndi Canada zimene zinkatuta mafuta, ndi msewu woopsa wa ku Dar es Salaam umene madalaivala anautcha Hell Run, kumene kampani ya Zambia-Tanzania Road Services inayamba kuyendetsa malole a Fiat mu 1966. Koma msewu wa kum'mawa nawo unanyamula gawo lake. Mafuta ankakwera sitima kuchokera ku Beira mpaka ku Salima, n'kulowa m'malole kudzera ku Lilongwe, Mchinji, Fort Jameson, Petauke ndi Nyimba. Msewu umene unazolowera malole owerengeka pa tsiku unadzadza migolo ya petulo ndi dizilo.

Adani anadziwanso pamene pali khosi la njirayi. Mu 1968 mlatho wakale wa Luangwa unaphulitsidwa, ndipo ambiri analoza chala Apwitikizi amene ankalimbana ndi Frelimo tsidya la malire. Chaka chomwecho panatsegulidwa mlatho watsopano wolenjekeka pa zingwe zachitsulo, umene pakati pake pali mamita 222 opanda mzati m'madzi. Ndi womwewo umene tikuwolokapo lero, ndipo mpaka pano umalonderedwa. Paipi ya mafuta ya TAZAMA inayamba ntchito mu 1968, phula linafika pa msewu wa kum'mawa m'zaka zotsatira, malire a Rhodesia anatsekedwa mu Januwale 1973, njanji ya TAZARA inatha mu 1975, ndipo mu 1979 asilikali a Rhodesia anaphulitsa milatho ingapo m'Zambia, kuphatikizapo wa pa Chongwe. Madalaivala a zaka zimenezo ankagwira ntchito ya usilikali opanda mfuti, ndipo ndimaona kuti dziko silinawathokoze mokwanira.

Zinalinso zaka za makampani a boma. Mfundo za ku Mulungushi za 1968 zitaika makampani akuluakulu m'manja mwa boma, mabasi anadzakhala a United Bus Company of Zambia, UBZ, katundu wolemera n'kumayenda ndi Contract Haulage. NAMBOARD, imene inakhazikitsidwa mu 1969, pamodzi ndi Eastern Co-operative Union, inkagula chimanga ndi kugawa feteleza. Kwa nthawi yoyamba ntchito ya pamsewu inakhala ndi makwerero ooneka: yunifolomu, malipiro a pamwezi, penshoni, ndi mwayi wokwera kuchoka pa ukondakitala kufika pa udalaivala, pa uinsipekitala, mwinanso kuyang'anira depoti.

Nthawi yomweyo inatiphunzitsanso kuti mtengatenga si chiwongolero chokha. M'zaka za m'ma 1980 alimi a kum'mawa ankakolola chimanga chambiri, koma chaka ndi chaka milu ya matumba inkapezedwa ndi mvula m'madepoti akumidzi. Madalaivala analipo. Chimene chinkasowa ndi matayala, zitsulo zosinthira, masaka, malona, dizilo pa nthawi yake, ndi dongosolo lodziwa kuti lole iti ipite kuti sabata iti misewu ya kumidzi isanatsekeke. Chimanga chimene mlimi wa kwa Luembe anachivutikira chinkamera m'matumba chifukwa cha mapepala amene sanayende ku Chipata kapena ku Lusaka. NAMBOARD inathetsedwa mu 1989.

Pamwamba pa izo panabwera nkhondo ya ku Mozambique. Msewu wa pakati pa Luangwa ndi Nyimba umayenda kufupi ndi malire, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga za Renamo zinkalowa m'midzi ya m'malire kupha ndi kulanda. Kuyenda usiku kunali kuika moyo pachiswe. Othawa nkhondo anakhazikitsidwa ku Ukwimi, m'dera la Petauke, kuyambira mu 1987, ndipo chakudya chawo chinkafika pa malole omwewo mpaka pamene anayamba kubwerera kwawo, mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992.

Aliyense ndi galimoto yake

Boma la MMD litalowa mu 1991 linatsegula malonda, ndipo UBZ inatsekedwa mu 1995. Amene anali ndi kandalama anagula minibasi kapena lole yogwiritsidwapo kale ntchito. Mabasi anachuluka, ulendo wa ku Lusaka unafupika, ndipo munthu sankagonanso pa siteshoni masiku kudikira malo. Izi n'zabwino ndipo tisazinyoze. Koma walira mvula walira matope. Makwerero aja a yunifolomu ndi penshoni anagwa, m'malo mwake munabwera ena: ung'wang'wazi pa siteshoni, ukondakitala, kenako chiwongolero, nthawi zambiri popanda womuphunzitsa mwakhama ngati mmene dalaivala wakale ankachitira ndi lolemeti wake. Mwini galimoto ankafuna ndalama ya tsiku, dalaivala n'kumathamanga kuti aipeze, ndipo makona a Kacholola anadya anthu ambiri.

Malamulo atatu a 2002 ndi amene anakhazikitsa mabungwe amene woyendetsa galimoto aliyense amakumana nawo lero: RTSA ya malaisensi ndi chitetezo, RDA yomanga ndi kusamala misewu, ndi NRFA yosunga thumba la misewu. Mu 2016 boma linaletsa magalimoto onyamula anthu ndi katundu kuyenda kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa pofuna kuchepetsa ngozi, lamulo limene lakhala likusinthidwa pambuyo pake. Mu 2020 panatuluka lamulo loika malipiro amene dalaivala wa thiraki kapena wa basi sayenera kulandira ochepera pamenepo.

Msewu weniweniwo unamangidwanso kuyambira mu 2013, makilomita pafupifupi 360 kuchokera pa mlatho wa Luangwa mpaka ku Mwami, ndi chuma cha European Union, European Investment Bank, African Development Bank ndi bungwe la AFD la ku France. M'mapepala a opereka ndalamawo msewu wa pa Nyimba ndi gawo la njira yopita ku doko la Nacala. Pafupi ndi tawuni pali chipata cholipiritsa magalimoto chotchedwa dzina la Alexander Grey Zulu, ndipo ku Katete kuli cha Reuben Chitandika Kamanga. Pa Katete pomwepo mathiraki opita ku Tete ndi ku Beira amakhotera ku Chanida. Mu Disembala 2022 Hakainde Hichilema ndi Lazarus Chakwera anatsegula chipata cha Mwami ndi Mchinji chimene maofesi a maiko awiri amagwirira ntchito pamodzi, kuti thiraki iime kamodzi m'malo mwa kawiri.

Zimene msewu ukufuna lero

Wofuna udalaivala wa katundu amakwera ndi malaisensi. C1 ndi ya malole apakati, C ya malole aakulu, CE ya thiraki yokoka thirela, ndipo woyendetsa galimoto yamalonda amafunikanso chilolezo cha PSV, chimene chimayenda ndi kupimidwa kuchipatala. Wonyamula mafuta kapena mankhwala oopsa amafunika maphunziro ena apadera. Koma pepala silitsitsa thiraki pa Manenekela. Galimoto yodzadza imaloledwa kulemera mpaka matani 56 yonse pamodzi, ndipo wotsetsereka nayo akadalira kuponda buleki kokha, mabuleki amatentha n'kusiya kugwira. Giya yoyenera imasankhidwa pamwamba pa phiri, injini n'kumathandiza kugwira galimoto, phazi n'kumangokhudza buleki mwa apo ndi apo. Lolemeti wakale ankaziona izi maulendo mazana asanagwire chiwongolero.

Kupakira nako ndi luso. Matani 30 a feteleza ndi matumba 600 a makilogalamu 50, ndipo akaunjikana mbali imodzi, thiraki ikhoza kukhala yosapyola malire a kulemera konse koma n'kugwidwa pa sikelo chifukwa ekiselo imodzi yalemedwa. Pali kumanga malamba, kufunditsa lona yosalowa mvula, ndi kuwerenga katundu pamaso pa mwini wake usanasaine. Wodutsa malire ayenera kudziwa mapepala ake onse, kuphatikizapo inshuwalansi ya COMESA Yellow Card, ndipo wolowera ku Mozambique pa Cassacatiza, tsidya la Chanida, amapindula akadziwa Chipwitikizi chochepa. Masiku ano makampani ambiri amaika GPS m'thiraki, kotero kuti wina ali pa kompyuta ku Lusaka amaona liwiro, poima ndi mafuta amene apita. Ndipo pali kudzisamala, kumene sikulembedwa pa laisensi: kugona mokwanira, kupewa mowa, ndi kukumbukira banja pa masabata a kudikira m'malire. Edzi inatenga madalaivala ambiri aluso a msewu uno.

Makanika naye wasintha. Injini za masiku ano zili ndi makompyuta ake, ndipo wodziwa sipanala yekha amafika pena n'kuima, podikira wodziwa zamagetsi ndi makina ofufuzira vuto.

Tsono pali ntchito za kapitawo wa lero, zimene mwana wa ku Nyimba saziona chifukwa sizichitikira pamsewu. Pali wosunga nyumba ya katundu amene amadziwa chimene chalowa, chimene chatuluka ndi chimene chiyenera kutuluka msanga chisanawonongeke. Pali wokonza maulendo, amene amaonetsetsa kuti thiraki yopita ndi feteleza ku Petauke isabwerere yopanda kanthu koma itenge soya kapena chimanga, pakuti ulendo wobwerera wopanda katundu ndi umene umapha makampani ang'onoang'ono. Pali ejenti woombola katundu pa kasitomu, amene amalemba zonse mu ASYCUDA World, makina a pa intaneti amene bungwe la misonkho la ZRA limagwiritsa ntchito, ndipo akalakwitsa nambala ya mtundu wa katundu thiraki imagona pa Mwami masiku. Pali wogula zinthu za kampani ndi woyang'anira magalimoto onse. Ntchito zimenezi zimafuna masamu, Chingerezi cholemba bwino, kompyuta, ndi mtima wosagwedezeka ndi chiphuphu. Mabungwe ake anakhazikitsidwa ndi lamulo, Zambia Institute of Purchasing and Supply mu 2003 ndi Zambia Chartered Institute of Logistics and Transport mu 2014, ndipo m'menemo amayi akupezeka ambiri kuposa pa chiwongolero.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti khomo lakale likutsekeka pamene latsopano lili kutali. Makampani akuluakulu ambiri salolanso dalaivala kuyenda ndi lolemeti, ndipo polemba ntchito amafuna satifiketi ya Giredi 12, laisensi ya CE ndi zaka zingapo za kuyendetsa kale. Nanga mnyamata wa kwa Nyalugwe zakazo azitenge kuti? Industrial Training Centre, sukulu ya boma yodziwika pophunzitsa madalaivala a mathiraki, ili ku Lusaka. Madigiri a mtengatenga ndi kugula katundu ali ku mayunivesite monga Copperbelt University ku Kitwe. Pafupi pali sukulu za ntchito zamanja za Chipata ndi Ukwimi, zimene zili pansi pa bungwe la maphunziro a luso la TEVETA, koma kwa banja lodalira munda wa chimanga ngakhale zimenezo zimafuna ndalama ya ulendo, malo ogona ndi chakudya. Mathiraki mazana amadutsa pa Nyimba, ndipo achinyamata ambiri a pomwepo amawakhudza pokweza matumba a makala ndi a chimanga basi, kapena amangokhala pa njinga ndi njinga zamoto zonyamula anthu.

Komatu luso lenilenilo lilipo kale pakati pathu. Taonani mayi wa nthochi amene amatumiza katundu ku Soweto Market ku Lusaka. Amadziwa dimba limene nthochi zakhwima, amapangana ndi wa ngolo kapena wa njinga kuti azitulutse kumsewu, ndipo amadula zosapsa powerengera masiku a ulendo ndi a pamsika kuti zikapsere m'manja mwa wogula. Amasonkhana ndi anzake kuti adzadze lole imodzi, amanenerera mtengo ndi dalaivala wobwerera wopanda katundu, amaika chizindikiro pa mikoko yake, amaimbira foni wolandira, ndipo ndalama imabwera pa foni pomwepo. Akachedwa tsiku limodzi kunja kukutentha, phindu lonse lawola. Zimene amaphunzitsa m'makalasi za katundu wosachedwa kuwonongeka, za kuphatikiza katundu ndi za ulendo wobwerera, mayiyu amazichita sabata iliyonse popanda satifiketi. Mwana wake amene wakula akuona zimenezi sangavutike kumvetsa ntchito ya wokonza maulendo, atapeza wom'lipirira sukulu. N'chimodzimodzinso anyamata ndi atsikana amene amalembedwa ukalaliki wa miyezi yochepa m'madepoti a Food Reserve Agency nthawi yogula chimanga: sikelo, malisiti ndi kuwerenga matumba ndiye chiyambi cha ntchito yosunga katundu.

Njanji ya Mchinji inafika ku Chipata mu 2010, ndipo mu 2016 boma linasainirana ndi kampani ya ku China pangano lomanga njanji ya makilomita pafupifupi 390 kuchokera ku Chipata kudzera ku Petauke kukalumikiza TAZARA pa Serenje. Njanjiyo sinamangidwe, choncho kwa zaka zikubwerazi katundu wa kum'mawa adzayendabe pa matayala, kudutsa pa Nyimba.

Chimene chili m'manja mwa anthu a kuno pakali pano ndi thumba la chitukuko la CDF, limene mu 2022 linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo mbali ina ndi yolipirira achinyamata maphunziro a luso. Mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi. Makomiti a ku Nyimba ndi Petauke akamasankha oti alipiriridwe, ndikanakonda pa mndandandawo pakhale ofuna laisensi ya CE ndi umakanika wa mathiraki, komanso atsikana ndi anyamata ofuna kuphunzira kusunga katundu, kukonza maulendo ndi kuombola katundu pa kasitomu ku Mwami ndi ku Chanida.